Kasungidwe ka mavolontiya kuti asakusiyeni panjira

Januwale wina ndinaitanitsa msonkhano wa mavolontiya athu kudera la Jali, kuno ku Zomba. Ndinanyamuka m'tauni m'mamawa, mafomu ali m'chikwama, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira anthu amene tinali titawaphunzitsa miyezi inayi m'mbuyomo. Tsiku la maphunziro lija mipando inachita kuchepa. Koma ulendo uno kunabwera anthu asanu okha, mmodzi ali matope mpaka m'mawondo, khasu atalitsamiritsa patsinde pa mtengowo. Nditayamba kudandaula za kujomba, mayi ameneyo anandidula: "Achemwali, inu mwezi ukatha mulandira. Nanga ine ndikasiya kubandira lero, mu Meyi ndidzakolola mafomu anuwa?" Anzake anaseka. Ine ndinangoweramitsa mutu, poti sananame.

Kuchokera tsiku limenelo ndinaleka kunena kuti mavolontiya ndi aulesi kapena kuti amangotsata alawansi. Otero alipo, inde, koma ndi ochepa ndipo sachedwa kudziwika. Ambiri amene amatithawa amakhala kuti ntchito yathu yawadyera nthawi, ndalama ndi ulemu pang'onopang'ono, ife osawerengera. Munthu anavomera kupereka nthawi yake kwaulere, ife n'kumutengeranso mayunitsi ake, sopo wake, matayala a njinga yake ndi chimanga chimene akanakolola. Zimene ndalemba pano ndi za inu amene mukuyendetsa gulu la m'mudzi, bungwe laling'ono, komiti ya kutchalitchi kapena kumzikiti, kalabu ya achinyamata, kaya sukulu yamkombaphala, ndipo mukufuna kuti anthu amene mwayamba nawo chaka chino mudzakhale nawobe chaka chamawa.

Choyamba, yezani katunduyo musanasenzetse munthu

Musanaitane aliyense, tengani pepala mulembe ntchitoyo monga mmene idzakhalire pansi, osati mmene munailembera kwa opereka thandizo. Nyumba zingati? Kangati pamwezi? Kuchoka pakhomo pa volontiya kukafika nyumba yomaliza ndi mtunda wotani? Mukatero, tsiku lina kayendeni nokha mtundawo wapansi. Nyumba khumi ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino zili khomo ndi khomo, kungoti eni ake mukawapeza ali kugeni mpaka madzulo. Nyumba khumi ku Chingale, kuseri kwa phiri, zitha kukudyerani tsiku lathunthu, ndipo mvula ikagwa mitsinje ina simuoloka. Koma papepala zonsezi zimangolembedwa kuti "mabanja 10".

Amene anakonza njira ya ma care group pa nkhani za kadyedwe kabwino anaganiza bwino: volontiya mmodzi amayang'anira mabanja pakati pa 10 ndi 15 oyandikana naye, anthu amene amakumana nawo kale pamjigo ndi kuchigayo. Tengerani pomwepo. Muyeso wanga ine ndi uwu: ntchito ikafuna kupitirira theka la tsiku kawiri pa sabata, yamukulira volontiya mmodzi. Igaweni pawiri, kapena sakani ndalama mulembe munthu ntchito. Alezi a sukulu zamkombaphala ndiwo amapsa kwambiri pa nkhani imeneyi, poti ana amabwera tsiku ndi tsiku. Ngati alezi alipo anayi, azisinthana awiriawiri, aliyense adziwiretu masiku ake olowa kumunda.

Kenako sankhani anthu, ndipo mudziwe chawakoka

Musalowe m'mudzi ngati mbava. Pitani kwa a Gulupu ndi anyakwawa, kumanani ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ndipo ngati ntchito ikukhudza zaumoyo, mlangizi wa zaumoyo wa deralo adziwe musanayambe. Koma musangolandira mndandanda wa mayina wolembedwa kale. Mndandanda wotere kawirikawiri umadzaza ndi achibale ndi anthu omwe aja a m'komiti iliyonse: yemweyo wa mjigo, yemweyo wa sukulu, yemweyo wa nkhalango, yemweyonso wa zangozi. Si anthu oipa ayi, koma misonkhano iwiri ikawombana tsiku limodzi adzapita kumene kuli kenakake. Pemphani amfumu aitanitse mudzi wonse, mufotokoze ntchito pamaso pa onse, anthu asankhane okha.

Zikatero khalani ndi aliyense payekha, mphindi khumi zokha, mumufunse chimene chamubweretsa. Yankho lakelo ndi limene lidzakuuzeni momusungira. Mnyamata amene wangolemba kumene MSCE akuganiza kuti mwina apa ndi polowera ntchito. Ameneyo amafuna maphunziro, satifiketi ndi kalata ya umboni. Mayi amene anadwazikapo matenda pakhomo pake zaka zija, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa kwaulere m'zipatala mu 2004, amabwera ndi mtima wina. Chimene akufuna ndi kuona wodwala atadzuka, za satifiketi alibe nazo ntchito. Bambo wopuma pa uphunzitsi kapena pa usilikali, ndipo oterowo kuno ku Zomba ndi ambiri, amafuna kuti nzeru zake zimvedwe. Wophunzira wa kuyunivesite wokhala ku Chikanda ali ndi changu komanso luso la pakompyuta, koma dziwiranitu kuti mayeso akayandikira adzangoti zii, ndipo tchuthi chikafika ali kwawo ku Mzimba. Mpatseni ntchito yokhala ndi polekezera, ya masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, musamupatse mabanja oti aziwayendera chaka chonse.

Mayankho onsewa alembeni m'kope. Lidzagwira ntchito kutsogoloku.

Nkhani ya ndalama muinene tsiku loyamba

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Timaopa kuti tikanena zoona anthu abalalika, ndiye timayankhula mokuluwika: "tiona m'tsogolomu", "zinthu zikayenda simudzaiwalika". Munthu akamva mawu amenewa, m'makutu mwake mumalowa zoti malipiro ali panjira. Nenani mosapsatira, amfumu ali pomwepo: ntchito iyi ilibe malipiro, chimene tidzakubwezerani ndi chakuti ndi chakuti, chimene sitidzakupatsani ndi chakuti. Ena achoka nthawi yomweyo. Alekeni apite ndi mtendere, bola achoke lero kusiyana n'kudzachoka mutawaphunzitsa kale.

Ine ndinapsapo. Mlendo wina wochokera kwa otithandiza anafunsidwa za njinga, iye n'kuyankha kuti akaganizira. Ine pofuna kusangalatsa anthu, sabata yotsatira ndinalengeza kuti njinga zikubwera. Sizinabwere. Amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, langali linandidulira theka la gulu, ndipo mpaka lero ndikafika m'mudzi umenewo sipalephera wina wondipatsa moni kuti, "Madamu, njinga zija zikadali pa Liwonde kapena zafika pa Domasi?" Chinthu chimene sichinafike m'manja mwanu musachitchule n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Alawansi yongokhalira pamsonkhano ndi nkhani ina, ndipo bungwe laling'ono silingapikisane ndi akuluakulu pa imeneyo, musayese. Koma ndalama imene munthu wawononga chifukwa cha ntchito yanu ndi ngongole yanu, ndipo ngongole imabwezedwa. Kabaza, minibasi, mayunitsi oimbira alangizi, bandulo yotumizira lipoti pa WhatsApp, nkhomaliro ngati msonkhano wadutsa 12 koloko: zonsezi zilowe mu bajeti, chilichonse pamzere wake, musanaikemo zikwangwani ndi matisheti.

Mitengo yake muziionanso miyezi itatu iliyonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mafuta ndi thiransipoti inakwera motsatira. Gulu limene linapitiriza kupereka ndalama yoyendera ya mu 2021 linali likubera mavolontiya ake losadziwa. Za mtengo musafunsane muofesi. Funsani akabaza pasiteji, ndipo mufunse wa nthawi yadzuwa ndi wa nthawi yamatope, chifukwa si umodzi.

Perekani tsiku lomwelo. Mawu oti "tidzakutumizirani" apha magulu ambiri. Ngati mukutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, wonjezerani yotapira, ndipo kumbukirani kuti ena alibe foni, ena nambala imene anakupatsani ndi ya amuna awo, mwina ndalamayo sadzaiona n'komwe. Afunseni pambali mmene akufuna kulandirira. Musasainitse munthu papepala limene malo a ndalama ali osalemba. Ngakhale mutakhala woyera mtima chotani, akangoganiza kamodzi kuti mukuwadyera masuku pamutu, basi, chilichonse chimene mudzanene adzachimva ndi khutu limodzi.

Ntchito itsate kalendala ya mudzi

Ofesi imayenda ndi masiku a malipoti, mudzi umayenda ndi mvula. Ikagwa mu Novembala kapena Disembala aliyense ali kobzala. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa: kupalira, kubandira, nkhokwe zatha, anthu ali paganyu kusaka ufa wa tsiku limenelo. Kumadera a mpunga, ku Domasi ndi kumunsi kwa Likangala, akuwokera, ndipo mpunga ukayamba kucha pamafunika munthu woingitsa mbalame. Epulo ndi Meyi ndi zokolola. Choncho maphunziro aataliatali ndi ntchito zolemera muziike pakati pa Juni ndi Okutobala, ngakhale apanso muchenjere ndi tchuthi chachikulu cha sukulu, nyengo ya zinamwali ndi maukwati. M'miyezi ya khasu chepetsani ntchito ndi theka mwadala, ndipo muwauze kuti mwachepetsa podziwa kuti ali kumunda. Msonkhano ukhale masana anthu ataweruka, usapitirire ola ndi theka, ndipo woyamba kufika mukhale inuyo. Kumuuza munthu kuti 2 koloko, inu n'kutulukira 4 koloko pagalimoto, ndi chipongwe chimene sanena koma saiwala.

Masiku a sabata nawo ali ndi eni ake. Lachisanu masana Asilamu ali kumzikiti, ndipo kuno kwathu ndi magulu ochepa amene alibe Msilamu. Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi. Lachinayi azimayi ambiri ali ku Mvano ndi kumagulu ena a mpingo. Tsiku la msika, kaya pa Thondwe, pa Jali, pa Songani kapena pa Mayaka, musayerekeze. Mwezi wa Ramadan umasuntha chaka ndi chaka, ndiye uoneni chaka chikamayamba. Musaike maphunziro a tsiku lonse okhala ndi nkhomaliro pamene theka la gulu likusala. Maliro akagwa m'mudzi, msonkhano wafa. Musatumize uthenga wofunsa ngati mungakumanebe. Pitani kusiwa mukakhale pansi ndi anzanu.

Kunyanja ya Chilwa kuli kalendala yakeyake. Anyamata a ku Kachulu ndi ku Chisi, nsomba zikamagwidwa, amapita kukakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, masabata angapo. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018, mabanja amasamuka kukasaka zochita kwina. Kumeneko ntchito musaimange pa munthu mmodzi. Pamalo aliwonse pakhale awiri, mmodzi akhale woti sachokachoka pamudzi.

Zida

Izi sizifuna mawu ambiri. Kope, cholembera, chikwama chosalowa madzi, ambulera kapena jombo, ndi kachiphaso kokhala ndi chithunzi kuti pakhomo pa eni asamuyese wakuba kapena wandale. Ngati mwapereka njinga, gwirizanani tsiku lomwelo kuti chubu ndi tayala zikatha agula ndani, apo ayi pakatha miyezi isanu mudzaipeza itapachikidwa kudenga. Tisheti ndi chitenje zimasangalatsa, koma zibwere zinazi zitakwana.

Miyezi itatu yoyamba musatalikire

Maphunziro akatha, ambiri timabwerera kutauni n'kumadikira malipoti. Nthawi imeneyi ndi imene watsopano amagwa mphwayi. Wafika pakhomo loyamba, mwini nyumba wamufunsa kuti, "Mwatitengera chiyani?" Lachiwiri amufunsa funso limene kumaphunziro silinatchulidwe. Lachitatu amuuza kuti akudyera pa mayina awo. Akabwerera kunyumba osakhala ndi womufotokozera, sabata yachitatu satulukanso.

Choncho watsopano aliyense muphatikizeni ndi wakale, ayendere limodzi maulendo atatu oyamba. Inunso mupite mwezi usanathe mukayende naye nyumba ziwiri zitatu, iye akuyankhula inu muli phee. Zofunika kukonza mukamuuze panjira pobwerera muli awiri, eni khomo asamve. Ngati kudera lake anthu amamasuka m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mulekeni ayankhule chimenecho, uthenga ndi womwewo. Musanasiyane mupatseni nambala yoti akafulasha mudzamuimbira, ndipo muziimbadi.

Malipoti azibwerera kumene anachokera

Volontiya amadzaza fomu mwezi ndi mwezi, fomuyo n'kukwera minibasi kupita kutauni, osamvekanso. Zimakhala ngati waponya mwala m'chitsime koma osamva kuti chubwi. Pakapita nthawi amayamba kungolemba manambala a m'mutu atakhala pakhonde, ndipo kunena zoona simungamudzudzule kwambiri.

Msonkhano uliwonse muziuyamba ndi kubweza zimene anakupatsani. Maperesenti asiyeni kuofesi. Nenani kuti mwana uja munamuyeza mkono tepi n'kufika pofiira anapita kuchipatala, analandira chiponde, pano akusewera ndi anzake. Mtsikana uja amayi a Mother Group anakacheza naye wabwerera kusukulu, ali Sitandade 7. Mjigo uja munalemba kuti wawonongeka, nkhani yake tinaipereka ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) tsiku lakuti, yankho silinabwere, tikafunsanso Lachiwiri. Ngakhale yankho likhale loti zakanika, linenedwe ndithu. Ndipo fomu imene simuiwerenga ichotseni. Ine ndinadzazindikira kuti pa masamba anayi amene tinkawadzazitsa, tinkagwiritsa ntchito limodzi lokha. Atatu enawo ankangomaliza inki ndi nthawi ya anthu.

Pomwepo afunseni chimene iwo akuona kuti chisinthe. Zonse simungachite, koma chimodzi mwa zimene anenazo chichitike, ndipo munene poyera kuti nzeru imeneyi inachokera kwa auje.

Ulemu

Tili ndi chizolowezi china choipa: mavolontiya timawakumbukira alendo akamabwera. Timawaitana avale matisheti, aimbe, avine, ajambulidwe. Alendo n'kukwera kuphiri kukadya kuhotela, iwo n'kubwerera kwawo wapansi ndi njala. Musaganize kuti saona. Alendo akabwera, volontiya ndiye afotokoze ntchito, atchulidwe dzina, ndipo adye chimene alendo akudya.

Kuthokoza kolemera ndi kwa pamaso pa anthu akwawo. Pemphani mphindi zisanu pamsonkhano wa amfumu, kutchalitchi, kapena mapemphero akatha kumzikiti, mutchule mayina ndi zimene achita. Pa 5 Disembala ndi tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1985 lokumbukira anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Kuno limagwa nthawi yobzala, ndiye musakonze chimsonkhano. Nsima ya nkhuku madzulo amodzi yakwana. Za mphoto ya "volontiya wopambana onse" ine sindizikonda. Mumasangalatsa mmodzi n'kukhumudwitsa ena onse, ndipo wopambanayo nthawi zambiri amakhala wodziwa kuyankhula, pamene uja amayenda mitunda mwakachetechete amangoomba m'manja kumbuyo.

Akadwala kamuoneni. Akaferedwa pitani, ngati n'kotheka mugone komweko. Ndipo kamodzi pachaka kachezeni ndi apabanja pake. Azimayi ambiri amasiya mphamvu akadali nazo, chifukwa bambo kunyumba afunsa kuti, "Kodi ntchito yanu yosabweretsa ngakhale mchereyi idzatha liti?" Bambowo akamva kuchokera pakamwa panu chimene akazi awo akuchita m'mudzimo, nkhani imafewa.

Chaka chikatha, tsegulani kope lija

Ntchito yomweyomweyo imasukuluka. Onani zimene aliyense ananena poyamba paja, mumupatse chatsopano chogwirizana nazo: wina aphunzitse obwera kumene, wina asunge kaundula, wina aziimira gulu ku ADC. Maphunziro akatuluka kuboma kapena ku Liwonde, musatumize anthu omweomwewo. Lembani kasinthasintha mumate pakhoma, aliyense aziona kuti nthawi yake ikubwera liti. Dandaulo loti "amangopita okhaokha aja" lagawanitsa magulu ambiri kuposa kusowa kwa ndalama. Ntchito yolipidwa ikapezeka, ngakhale kalembera wa masiku asanu, oyamba kumva akhale iwo.

Ngati alibe banki m'khonde yawoyawo, alimbikitseni ayambitse. Imawapatsa chifukwa china chokumanirana sabata ndi sabata, ndipo imapitirira ngakhale bungwe litauma m'thumba. Inu athandizeni ndi maphunziro ndi bokosi, koma kiyi musasunge, ndipo musakongoleko.

Nthawi ya ngozi

Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Isanathe n'komwe, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'maboma a kummwera kuphatikizapo Zomba, anthu n'kukadzazana m'makalasi a sukulu. Amene ankagawa klorini khomo ndi khomo ndi kulemba mayina m'makampu anali mavolontiya. Chimene ambiri tinaiwala n'chakuti ena mwa iwo nyumba zawo nazonso zinali pansi. Ndinaimbira bambo wina kufunsa chiwerengero cha mabanja okhudzidwa, anandipatsa bwinobwino, ndipo ndinadzamva patapita masiku kuti ankawerenga ali mukampu momwemo ndi ana ake. Zikavuta chonchi, funso loyamba likhale lakuti, "Bambo, kwanu kuli bwanji? Ana ali kuti?" Manambala abwere pambuyo.

Palinso ichi: wolemba mayina ndiye amatukwanidwa ndi amene sanalandire ufa, ndipo inu mukabwerera kutauni iye amatsala nawo m'mudzi momwemo. Musamusiyire yekha mlandu umenewo. Kaimeni nokha pamsonkhano mufotokoze mmene olandira amasankhidwira ndi amene amasankha.

Ntchito yotere ikadutsa, lamulani kuti apume, musadikire kuti apemphe chifukwa sapempha. Khalani nawo pansi afotokoze zimene anaona. Amene mukumuona kuti sakugona, wayamba kumwa kwambiri, kapena amangokhala duu, chezani naye pambali n'kumuperekeza kwa achipatala. Kuno tili ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili mumzinda mwathu momwemuno.

Wina akayamba kujomba

Akajomba kawiri motsatizana, musamufunse pagulu la WhatsApp pomwe onse akuwerenga. Pitani kwawo, kapena tumani mnzake wapamtima. Yambani ndi moni ndi za pakhomo, ntchito ibwere kumapeto. Nthawi zambiri mudzapeza matenda, ngongole, kapena mawu amene wina anamulasa nawo pamsonkhano. Muloleni apume miyezi iwiri kapena itatu dzina lake lili m'kaundula momwemo; ambiri amabwerera okha zokolola zikalowa m'nyumba. Koma amene wagulitsa katundu wa gulu, kapena wachita zosayenera kwa mwana, ameneyo si wonyengerera. Aimitsidwe pomwepo, ndipo nkhani ya mwana ipite kupolisi ndi kuofesi ya zachisamaliro cha anthu. Mukamulekerera, amene amachoka ndi abwino aja.

Potsanzikana

Thandizo likamatha, auzeni kukadali miyezi itatu, musadikire tsiku lomaliza. Fotokozani zimene zitsale m'manja mwawo, kaya njinga, sikelo kapena mabuku, ndipo zilembedwe pamaso pa amfumu ndi a VDC kuti pasadzakhale kulandana. Gululo mulipereke m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo kapena wa zachitukuko amene atsale m'deralo, mutawakumanitsa maso ndi maso.

Amene akuchoka payekha, kaya wakwatiwa kwina, kaya wapeza ntchito ku Blantyre, kaya akupita ku Joni, mufunseni funso limodzi: chikanachitika n'chiyani kuti mukhalebe? Ameneyo alibenso choopa, adzakuuzani zimene otsalawo akubisa. Kenako mulembereni kalata ya umboni asanapemphe. Mulembemo dzina lake lonse monga lilili pachitupa cha unzika, mwezi ndi chaka chimene anayamba ndi chimene wamaliza, ntchito zenizeni zimene ankagwira, ndi maphunziro amene anachita. Musaine n'kudinda chidindo. Ina musunge mufayilo, ndipo muijambulenso pafoni, chifukwa mapepala kumudzi amadyedwa ndi chiswe, ena anapita ndi madzi a Freddy, ndipo pakatha zaka zitatu adzakuimbirani Lamulungu usiku kuti mafunso a ntchito ali mawa 8 koloko.